Momwe mungajambulire nkhope ya munthu ndi fulashi yotchipa yoimika pambali

Fulashi ikakhala pamwamba pa kamera, kuwala kwake kumachokera komwe kuli lenzi n'kukamenya munthu pamaso penipeni. Zotsatira zake tonse tinazionapo: nkhope yaphwatalala, chipumi chonyezimira, mthunzi wakuda bii pakhoma kumbuyo kwa mutu, nthawi zina maso ofiira psuu. Ambiri amaloza chala kutchipa kwa fulashiyo n'kuyamba kusunga ndalama zogulira yodula. Yodulayo mukaikhazikanso pamwamba pa kamera idzachita zomwezo. Koma yotchipa yomweyo mukaichotsa pa kamera n'kuiimika pambali, mphuno, masaya ndi chibwano zimayamba kuoneka mwa mpangidwe wake, chifukwa tsopano pankhope pali mbali yowala ndi mbali ya mthunzi. Tiyambe ndi fulashi imodzi yokha. Amene sanaizolowere imodzi akagula atatu amangosokonezeka katatu.

Zida zoti mukhale nazo

Pezani fulashi yomwe mphamvu yake mumaitchera nokha, imene ojambula amati ya manual. Odziwika pa mafulashi otchipa ndi Yongnuo YN560 III, YN560 IV ndi Godox TT600. Onsewa amayendera mabatire anayi a AA, mphamvu yawo imatsika kuyambira 1/1, yomwe ndi mphamvu yonse, mpaka 1/128, ndipo ali ndi cholandirira uthenga wa 2.4 GHz m'kati mwake momwemo. Mafulashi odula amakhala ndi TTL, njira yomwe kamera imadziyezera yokha kuwala. TTL imathandiza pamene anthu akuyendayenda ndipo inu mukuwathamangira. Koma munthu akakhala pampando, fulashi ili pa sitandi, mtunda wake susintha. Mukapeza mphamvu yoyenera kamodzi, zithunzi zonse zituluka zofanana. TTL imatha kusintha maganizo chabe chifukwa munthu wavala malaya oyera, pomwe manual imachita zomwe mwaiuza basi.

Chachiwiri ndi trigger, kachipangizo komwe kamakhala pamwamba pa kamera n'kumauza fulashi kuti iwale mukadina batani. Apa samalani: trigger ya Godox simvana ndi cholandirira cha m'kati mwa Yongnuo. TT600 imayendera limodzi ndi X2T kapena XPro, pomwe YN560 III ndi IV zimayendera YN560-TX kapena RF-603. Ma trigger a Godox amakhalanso ndi chilembo kumapeto chosonyeza kamera yake: C ndi ya Canon, N ya Nikon, S ya Sony, F ya Fujifilm.

Ngati trigger mulibe koma kamera yanu ili ndi kafulashi kotumphuka pamwamba, ikani fulashi yaikulu pa S1 kapena S2. Ikatero imawala ikangoona kuwala kwa inzake. S1 imayankha kuwala koyamba kumene yaona. S2 imadumpha kakuwala koyesera komwe kamera imatulutsa ikakhala pa TTL, n'kudikira kwenikweniko. M'nyumba njirayi imagwira ntchito ndithu, koma panja pa dzuwa kadiso kake kamavutika kuona.

Zotsala ndi sitandi, bulaketi yomwe imagwira fulashi ndi ambulera pamodzi, ndiponso ambulera yoyera yodutsitsa kuwala ya masentimita pakati pa 80 ndi 110. Mabatire akhale otchaja a NiMH, magulu awiri. Amadzaza fulashi msanga kuposa otaya aja.

Pali machenjezo awiri oti musawanyozere. Mafulashi ena akale a nthawi ya filimu, monga ena mwa ma Vivitar 283 oyambirira, amatulutsa mavoti opitirira 200 kuphazi kwake, ndipo atha kuotcha kamera ya makono kapena trigger. Musaike fulashi yakale pa kamera musanadziwe mavoti ake. Komanso fulashi iliyonse musaitsegule m'kati. Muli capacitor yosunga mavoti pafupifupi 300 ngakhale mabatire mwachotsa.

Yambani ndi kamera, fulashi ili yozima

Ikani kamera pa M, pomwe zonse mumatchera nokha. Ikani ISO (momwe kamera imamvera kuwala) pa 200, aperture (kukula kwa bowo la lenzi) pa f/4, shutter (nthawi yomwe kamera imatsegukira kuwala) pa 1/160 ya sekondi. Awa ndi manambala oyambira m'nyumba, mudzawasuntha.

Shutter ili ndi malire ake mukamagwiritsa fulashi. Makamera ambiri amalola mpaka 1/200 kapena 1/250, ena 1/160 kapena 1/180. Onani m'buku la kamera yanu pa mawu akuti sync speed. Chifukwa chake n'chakuti shutter ili ndi zotchinga ziwiri, china chimatsegula, china chimatsatira kutseka. Mukapitirira malirewo chachiwiri chimayamba kutseka choyamba chisanamalize kutsegula, ndiye fulashi ikawala imapeza mbali ina ya sensa, kachipangizo kolandira chithunzi m'kamera, itatsekeka kale. N'chifukwa chake mumaona chimzere chakuda m'mphepete mwa chithunzi.

Pa makamera a mirrorless, opanda kagalasi m'kati, zimitsani shutter yopanda phokoso ija, chifukwa pa ambiri fulashi siwala ikakhala yoyatsa. Zimitsaninso zija zoonetseratu kuwala kwa chithunzi pa sikirini, apo ayi m'chipinda mudzangoona mdima n'kulephera kuika focus.

Tsopano jambulani chithunzi chimodzi fulashi isanayake. Chithunzi chimenechi chikuuzani kuchuluka kwa kuwala komwe kulipo kale m'chipindamo. Mfundo yomwe zonse zagonapo ndi iyi: pa chithunzi chilichonse cha fulashi pamalowa kuwala kuwiri, kwa malowo ndi kwa fulashi. Fulashi imawala kanthawi kochepa zedi, kawirikawiri kosakwana 1/1000 ya sekondi ikakhala pa mphamvu yotsika. Choncho kaya shutter ili pa 1/60 kaya 1/200, kuwala konse kwa fulashi kumakhala kwalowa kale. Shutter imangosintha kuwala kwa malowo. Mukafuna kumbuyo kwa munthu kuwale, tsitsani shutter ifike 1/60 kapena 1/30. Mukafuna kude, ikwezeni mpaka malire aja. Kuwala kwa pankhope mumakusintha ndi mphamvu ya fulashi kapena mtunda wake. Aperture ndi ISO zimakhudza zonse ziwiri nthawi imodzi, ndiye zisiyeni pomwe zili mpaka mutazolowera.

Sankhani kaye momwe mukufuna kumbuyoko kuonekere. Munthuyo aoneke wakuderapo pa chithunzi choyeserachi, chifukwa ntchito yomuwalitsa ndi ya fulashi.

Imikani fulashi

Mangani fulashi pa bulaketi, lowetsani ambulera, mutu wa fulashi uloze pakati pa ambulerayo. Ikani zoom ya fulashi, yomwe imatambasula kapena kupanikiza kuwala kwake, pa 24 mm kapena 35 mm kuti kuwala kudzaze ambulera yonse. Kuti mutsimikize, jambulani ambulerayo fulashi ikuwala pa mphamvu yotsika. Ngati pakuwala ndi pakatikati pokha, kankhirani ambulera patali pang'ono ndi mutu wa fulashi. Ambulera yaikulu yomwe ikuwala pakati pokha siisiyana ndi yaing'ono.

Onetsetsani kuti trigger ndi fulashi zili pa channel imodzi ndi gulu limodzi, monga channel 1 gulu A. Ikani mphamvu pa 1/8.

Imikani sitandi kumbali kwa kamera, madigiri pafupifupi 45 kuchokera komwe munthu akuyang'ana, ambulera ikhale mita imodzi kuchoka pankhope pake. Ikwezeni ikhale pamwamba pang'ono pa mutu wake n'kuiweramitsa iloze kumaso. Kuwala kochokera pansi pa maso kumaopsa nkhope, chifukwa maso athu anazolowera kuwala kochokera kumwamba.

Jambulani. Ngati nkhope yada, kwezani mphamvu kuchoka pa 1/8 kufika 1/4. Ngati yawalitsa, tsitsani ifike 1/16. Kusuntha kumodzi koteroko kumawirikiza kuwala kawiri kapena kukudula pakati, ndipo ojambula amati stop imodzi. N'chimodzimodzi kuchoka pa f/4 kupita f/5.6, kapena pa ISO 200 kupita 100. Sinthani chinthu chimodzi pa nthawi imodzi. Mukasintha zitatu pamodzi chithunzi n'kukhala bwino, simudziwa chomwe chathandiza.

Kuwala kukakwanira, siyani kuyang'ana manambala, yang'anani mthunzi wa mphuno. Ndiwo umakuuzani komwe fulashi yaima. Ukakhala kamthunzi kakang'ono kotsikira kumbali kulowera kukona kwa mlomo, osakhudzana ndi mthunzi wa tsaya, mwapeza kuwala komwe kumayenera pafupifupi nkhope iliyonse. Ojambula amati loop. Mukasunthira sitandi kumbali kwambiri, mthunzi wa mphuno umakumana ndi wa tsaya n'kusiya kamalo kowala ka makona atatu pansi pa diso la mbali ya mthunzi. Kumeneko ndi kuwala kotchedwa Rembrandt, potengera katswiri wa zojambula pamanja wa ku Netherlands yemwe anakhala ndi moyo kuyambira 1606 mpaka 1669. Kumapatsa nkhope ulemu ndi kulemera. Mukaika fulashi kumbali kwenikweni, theka la nkhope limawala theka n'kuda, zomwe zimakomera ochepa. Mukaibweretsa kutsogolo pamwamba pa kamera, mthunzi umagwera pansi pa mphuno ndi pansi pa chibwano, ndipo makwinya saoneka kwambiri.

Kenaka yang'anani m'maso. M'diso lililonse muyenera kuoneka kadontho koyera, komwe ndi ambulera yanu ikuoneka m'disomo. Kakasowa, ndiye kuti fulashi yakwera kwambiri ndipo nsidze zikutchinga kuwala. Maso opanda kadonthoko amaoneka ngati akufa. Tsitsani sitandi pang'onopang'ono mpaka kaonekere chakumtunda kwa diso.

Pali kachinsinsi kena ka mbali yoyang'anitsa munthu. Akatembenuzira nkhope pang'ono komwe kuli fulashi, tsaya lomwe lili pafupi ndi kamera limakhala mu mthunzi ndipo nkhope imaoneka yochepa. Akatembenukira kwina, tsaya la pafupi ndi kamera ndilo limawala ndipo nkhope imatambasuka. Kwa anthu ambiri njira yoyambayo ndiyo imawakomera.

Mtunda ndiwo umalamula

Pano ndi pomwe ambiri amalakwitsa. Amaopa kuti ambulera ikakhala pafupi kuwala kukhala kolimba, ndiye amaikankhira patali. Zoona zake n'zosemphana. Kufewa kwa kuwala kumadalira kukula kwa gwero lake monga likuonekera kwa munthu wojambulidwayo. Dzuwa ndi lalikulu zedi, koma poti lili kutali limaoneka kakang'ono, ndipo mithunzi yake imakhala yakuthwa. Mitambo ikaphimba, thambo lonse limasanduka gwero, mithunzi n'kufewa. Ambulera ya mita imodzi ikakhala mita imodzi kuchoka pankhope, kuwala kwake kumazungulira tsaya mofatsa. Yomweyo ikakhala mamita anayi imasanduka kanyali. Ndiye ibweretseni pafupi mpaka itsale pang'ono kulowa m'chithunzi, mphamvu ndiyo muitsitse. Phindu lina n'lakuti mabatire amakhalitsa ndipo fulashi imadzaza msanga.

Mtunda umalamulanso kumbuyo. Mukawirikiza mtunda kawiri, kuwala sikutsika ndi theka. Kumatsala gawo limodzi mwa magawo anayi, kutanthauza ma stop awiri. Tinene kuti fulashi ili mita imodzi kuchoka pa munthu, ndipo khoma lili mita ina kumbuyo kwake. Khomalo likulandira gawo limodzi mwa anayi a kuwala komwe nkhope ikulandira. Musunthe munthu ndi fulashi pamodzi kuti khoma likhale mamita atatu kumbuyo kwake, lilandira gawo limodzi mwa magawo 16, ndipo ngakhale litakhala loyera lidzaoneka lotuwa kwambiri. Choncho khoma limodzi likhoza kukupatsani maonekedwe angapo osagula nsalu yakumbuyo. Kumusuntha munthu kuchoka pakhoma kumachotsanso mthunzi wake uja.

Lamulo lomweli limatembenuka mukamajambula anthu atatu kapena anayi. Fulashi ikakhala pafupi, wa pafupi nayo amawalitsa, wa kumapeto n'kuda. Pa gulu ikankhireni patali, mamita atatu kapena kuposa, mukweze mphamvu, kuti onse alandire kuwala kofanana.

Nambala yomwe opanga amalemba pa bokosi, monga GN 58 ya YN560, imatanthauza kuti pa ISO 100 mukagawa 58 ndi mtunda wa mamita mupeza aperture: pa mamita 5 ndi pafupifupi f/11. Koma amayeza fulashi ili pa mphamvu yonse, zoom yake ili patali, yopanda ambulera. Mukaika ambulera kuwala kwambiri kumatayika, ndiye nambalayo musaidalire kwenikweni.

Mbali ya mthunzi

Ngati mbali ya mthunzi yada kwambiri, simukufunika fulashi ina. Ikani chinthu choyera, katoni kapena nsalu, kumbali inayo pafupi ndi tsaya. Chimabweza kuwala kwa ambulera. Chikayandikira mthunzi umapepuka, chikatalikira umabwerera. Musaufafanize wonse mthunziwo, popeza ndiwo munachotsera fulashi pa kamera.

Ambulera ikasowa, lozetsani fulashi pakhoma loyera lomwe lili kumbali kwa munthu. Khomalo limasanduka gwero lalikulu lofewa, kawirikawiri kuposa ambulera. Lingokhala loyera, chifukwa khoma lobiriwira limapaka nkhope ubiriwiri womwe ndi wovuta kuuchotsa pa kompyuta.

Khungu, magalasi ndi mtundu wa kuwala

Khungu lakuda limaonetsa mpangidwe wake kudzera m'malo onyezimira pachipumi, pamphuno ndi pamasaya. Fulashi yopanda kanthu imasiya timadontho toyera mbee m'malo amenewa, kwinako n'kukhala mdima. Wojambula wosazolowera amangowonjezera mphamvu, khungu n'kutuwa, timadonthoto n'kupseratu. Njira yabwino ndi kukulitsa gwero ndi kulibweretsa pafupi, kuti kunyezimirako kutambasuke n'kukhala kosalala. Kwa ine palibe khungu lomwe limakongola pansi pa ambulera yapafupi kuposa lakuda. Thukuta lipukutidwe musanayambe. Ngati munthu wavala zoyera, yang'anirani kuti malaya asapse. Kulozetsa ambulera pang'ono kutsogolo kwa nkhope, kuti alandire kuwala kwa m'mphepete mwake, kumathandiza.

Wa magalasi a maso, ambulera imaoneka m'magalasimo. Kwezani sitandi, kapena isunthireni kumbali, kapena mupempheni atsitse chibwano pang'ono. Kusuntha kwa masentimita ochepa kumakwanira.

Kuwala kwa fulashi kumafanana ndi kwa masana, pafupifupi 5500 K. Ikani white balance, yomwe imauza kamera mtundu wa kuwala, pa Flash kapena Daylight, osati Auto, kuti mtundu usamasinthe pa chithunzi chilichonse. M'chipinda cha mababu achikasu nkhope ituluka bwino koma kumbuyo kukhala kwachikasu. Nthawi zina zimakongola chomwecho. Ngati simukuzifuna, matani kapepala ka pulasitiki ka lalanje kotchedwa CTO pamutu pa fulashi n'kuika white balance pa Tungsten, kapena kwezani shutter kuti mababuwo asalowe m'chithunzi. Jambulani RAW, mtundu wa fayilo wosavuta kukonza pa kompyuta, ngati kamera yanu imalola.

Panja

Musalimbane ndi dzuwa la masana. Pa dzuwa lowala bwino, ISO 100 ndi shutter 1/200 zimafuna aperture ya pafupifupi f/11, ndipo fulashi ya mabatire anayi yodutsa mu ambulera imavutika kufika pamenepo pokhapokha itayandikira kwambiri pa mphamvu yonse. Mulowetseni munthu mu mthunzi, kapena dikirani dzuwa lipendeke. Muimikeni chopereka msana kudzuwa. Likatero limawalitsa tsitsi ndi mapewa ake, inu n'kuwalitsa nkhope ndi fulashi, ndipo mwapeza magwero awiri mutagula limodzi.

Ndondomeko yake ndi yomwe ija. Fulashi ili yozima, tcherani kamera mpaka thambo ndi mitengo zioneke momwe mukufunira, mwina zoderapo ndi stop imodzi kuposa momwe kamera ikunenera. Kenaka yatsani fulashi n'kukweza mphamvu mpaka nkhope ikwanire. Musapitirize muyeso, nkhope yowala kwambiri kuposa malo ake imaoneka ngati yomatidwa pa chithunzi china.

TT600 ikamayendera trigger ya Godox imalola HSS, yomwe imakupatsani mwayi wopitirira malire a shutter aja, koma imadya mphamvu yambiri ya fulashi. Ma YN560 alibe HSS. Pa amenewa fyuluta ya ND, galasi lodera lochepetsa kuwala kolowa mu lenzi, ndiyo imathandiza mukafuna f/2.8 masana.

Mphepo ndiyo imaswa mafulashi ambiri. Ambulera imakoka mphepo ngakhale yochepa, sitandi n'kugwa. Kolekani chikwama cholemera kumiyendo ya sitandi, kapena pakhale munthu woigwira.

Ikakana kuwala

Onani kaye zing'onozing'ono: channel ndi gulu, ngati trigger yalowa mpaka kumapeto pamwamba pa kamera, mabatire a trigger, ndiponso ngati fulashi sinagone yokha posunga mabatire. Kugonako kuzimitseni mu menu. Ngati zithunzi zina zikuwala zina n'kumada, mukudina batani fulashi isanadzaze. Pa mphamvu yonse imafuna masekondi angapo. Dikirani kanyali kake kayake, kapena tsitsani mphamvu n'kukweza ISO ifike 400. Kuwalitsa motsatizana pa 1/1 kumatenthetsa mutu wake, ndipo ambiri mwa mafulashiwa amadzichedwetsa okha kuti asapse. Mukamagwira ntchito pakati pa 1/4 ndi 1/16 vutoli simukumana nalo kawirikawiri.

Zonsezi muziyesere pa mnzanu wopirira kapena pa chidole musanaitane munthu wofuna chithunzi, kuti akafika maso anu akhale pa iye osati pa mabatani. Munthu amene wakhala pampando mphindi khumi akuyang'ana wojambula akulimbana ndi sitandi, nkhope yake imauma.

Fulashi yachiwiri muigule mukafika poti mukhoza kuneneratu komwe mthunzi wa mphuno ugwere musanajambule. Malo ake oyamba ndi kumbuyo kwa munthu chakumbali, moyang'anizana ndi yoyamba ija, yopanda ambulera, pa mphamvu yotsika ngati 1/32 kapena 1/64, kuti ijambule kamzere kowala m'mphepete mwa tsitsi ndi phewa. Izi zimasiyanitsa tsitsi lakuda ndi kumbuyo kwakuda. Iikeni pa gulu B kuti muzitha kuisintha payokha, ndipo mumange kakatoni kumbali kwa mutu wake kuti kuwala kusalowe mu lenzi.